Ababa Anamanga Mbuzi Popita Kukaonera Filimu

Kwathu ku Nyachikadza mbuzi sitimanga nthawi ya madzi. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa anthu akumtunda ndikamawauza nkhani ya ababa amandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, ati munthu wanzeru zake angabwerere bwanji m'madzi chifukwa cha mbuzi. Mbuzi yomasuka imadziwa yokha kumene kuli chulu. Madzi akayamba kulowa m'dimba imatsogola, zinzake pambuyo, ndipo mumakazipeza pamwamba zikubzikula ngati palibe chachitika. Yomangidwa imangozungulira pachikhomo mpaka madzi aipeze. Choncho munthu akamathawa madzi, ntchito yomaliza pakhomo ndi kumasula zingwe. Akamanga, kuopa kuti zingakadye mbewu za eni, ndiye kuti akunena kuti sindipita patali, dzuwa lisanalowe ndikhala nditabwera. Ngakhale mwana wamng'ono kwathu amazidziwa zimenezi, ndipo palibe amene angamugwire mkono munthu woti wasiya mbuzi pachingwe.

Buku limene linayambitsa zonse ndinalipeza ndili kusekondale, cha ku Ngabu. Linali m'katoni ya mabuku akale amene sukulu inalandira, ndipo pofika m'manja mwanga chikuto chinali chitathothoka, masamba oyamba chiswe chitalawako. Anzanga analimbirana mabuku a chikondi, ine wochedwa kuthamanga n'kutola lotsala. Ndinaliwerengera pansi pa desiki, ndipo ndinaseka mokweza mpaka aphunzitsi a masamu ananditulutsa kukazula udzu padzuwa lija la ku Ngabu. Sindinadandaule, chifukwa bukulo ndinatuluka nalo m'malaya.

Nkhani yake inali yopanda mutu, n'chifukwa chake inandigwira. Chimphona china chinkavutika ndi msana. Chitamva kuti bedi lofewa kuposa onse lili kunyumba ya mfumu, chinapita masana dzuwa likuswa mtengo n'kukalinyamula, mfumu ili m'tulo pomwepo. Asilikali onse anadwala m'mimba tsiku lomwelo. Amene ananyamuka kukalondola bedilo anali atatu: mwana wamkazi wa mfumu, mtsikana wapakamwa ngati ine ndemwe, telala wamantha amene ankakomoka akaona nkhuku ikuphedwa, ndi nkhalamba yonenepa imene ntchito yake inali kulawa chakudya cha mfumu kuti ione ngati mulibe poizoni.

Nkhalamba imeneyi ndi imene inatilowera m'nyumba. Paulendo wawo ankawoloka mitsinje yambiri, ndipo mtsinje uliwonse iyo inkagweramo. Madzi ankaikokolola, anzake n'kulira, n'kufunafuna, n'kutaya mtima. Pamudzi wotsatira ankakonza maliro opanda mtembo, kuphika ndi kuimba monga mwa mwambo. Kulira kuli mkati, kumbuyo kwa anthu kunkamveka mawu a munthu wodzaza chakudya m'kamwa: "Anthu inu, pamaliro anga omwe mukundimana mchere?" Pocheuka ankaipeza itakhala pamtondo, zovala zikudontha, mbale ili pamwendo.

Ababa anali msodzi. Chingerezi sankachidziwa, ndipo chimene ankawerenga ndi buku la nyimbo za kutchalitchi lokha, mwinanso chifukwa nyimbozo ankazidziwa kale pamtima. Patchuthi china ndinakhala pansi pa mtengo wa masawu umene unali pakhomo pathu, ndikuwerenganso bukulo, iwo akusoka ukonde pambali.

"Iwe, ukuseka wekha ngati malungo akulowa m'mutu," anatero. "Muli chiyani m'menemo?"

"Ndi nthano chabe, ababa. Ya azungu."

"Azungu nawonso ali ndi nthano? Longa timve."

Ndinayamba kuwafotokozera m'chilankhulo chathu, tsamba ndi tsamba, pena ndikuonjezera zanga. Titafika pamaliro oyamba a nkhalamba ija ababa anaseka mpaka singano yosokera ukonde inagwera mumchenga, ndipo tinaifunafuna tonse awiri, iwo akupukuta misozi. Kuyambira pamenepo tchuthi chilichonse, ndisanatule n'chikwama chomwe, funso linali loti buku lija wabwera nalo. Nkhaniyo anafika poidziwa kuposa ine. Ndikadumpha pena ankandibweza, amvekere, "Nkhabe, telala sanakomoke pamenepo, anayamba wabisala m'mbiya."

Ndinakula ndikuganiza kuti ankalikonda chifukwa cha nthabwala basi. Koma ababa ndi amene anthu ankathamangira kudzawaitana munthu akamira. Ankadziwa pamene madzi amazungulira, ndi m'mabango mmene mtembo umakakodwa. Anavuulapo ana a anzawo, anavuulapo mng'ono wawo weniweni, ndipo ena sanawapeze n'komwe. Akabwerako kuntchito imeneyo sankalankhula ndi munthu, ankangosamba n'kukagona kuseri kwa nyumba. Shire akatenga sabweza, ndipo akabweza, chimene wabwezacho sungafune kuti mwana achione. Tsono apa panali buku limene mtsinje wake unkabweza munthu wamoyo, wanjala, wolongolola. Nthano zakwathu chitsiru zimachilanga kuti ana atengepo phunziro. M'bukuli anthu onse anali zitsiru ndi amantha, koma onse ankafika. Ababa ankati anthu a m'menemo amaopa ngati ife tomwe, kungoti amaopa akuseka.

Amayi bukulo analida asanaligwire n'komwe. Chifukwa chake chinali mchere. Ndiwo zikangofika, kaya ndi mlamba, kaya ndi khwanya, ababa ankalawa, n'kukweza maso kumwamba, n'kunena ndi mawu a nkhalamba ija: "Anthu inu, pamaliro anga omwe mukundimana mchere?" Ife ana tinkagubuduka nako kuseka. Amayi ankayamba kukalipa pomwepo.

"Mukudziitanira imfa ndi pakamwa panupo," ankatero. "Munthu wamkulu satchula maliro ake pa chakudya. Ndipo mchere wanga sunachepepo chikwatiwireni."

Zinali zoona, amayi dzanja lawo la mchere linali lolemera. Koma ababa sanasiye, ndipo amayi sanasiye kukalipa, zaka ndi zaka. Nditamaliza sukulu bukulo ndinawasiyira. Analikulunga mujumbo n'kulisomeka kudenga, ngakhale sankatha kuwerengamo liwu limodzi. Chaka china madzi analowa m'nyumba n'kuligwetsa denga, buku n'kupita. Ababa anati palibe kanthu, likavuuka pamudzi wotsatira.

Chaka cha madzi aakulu chinandipeza ndili pabanja, ndikuphunzitsa kupulayimale pafupi ndi Nsanje boma, tsidya lino la mtsinje. Amuna anga ndi a ku Thyolo, munthu wofatsa, wokonza njinga, amene mpaka lero akakwera bwato amagwira mbali zonse ziwiri n'kutsinzina. Kuchigwa kuno madzi oopsa si a mvula yathu. Kumwamba kumatha kukhala kuli mbee, dzuwa likuwotcha mpaka nsapato kumata pamsewu, koma mvula ikugwa kumapiri, ndipo yonseyo njira yake ndi pakhomo pathu. Sabata imeneyo kumpoto kunali bii tsiku lililonse, mitambo itaunjikana osasuntha. Kwathu kunalibe ngakhale kamphepo. Mtsinje unasanduka wofiira, n'kuyamba kudutsa ndi zinthu zosakhala zakuno: mitengo ya nthochi yathunthu ndi mizu yake, nsungwi, chitseko cha nyumba ya munthu, nkhumba yotupa miyendo ili m'mwamba. Nyerere zinkakwera makoma zitasenza mazira. Asodzi anati mvuu zatuluka m'dambo n'kukagona kuseri kwa tchalitchi, masana.

Anthu a boma anayenda ndi boti la injini ndi chimkuzamawu, kuuza anthu a kudambo kuti asamukire kumtunda. Ambiri anamvera. Amayi anafika kwathu ndi mtolo wa zovala, thumba la mpunga ndi nkhuku m'dengu, koma anafika okha. Ababa anakana. Anati akachoka onse, akuba a pabwato adzasasula malata n'kutenga mbuzi, ndipo akawolotsa mbuzizo ogula nyama akudikirira padoko ngati miimba. Anati iwo anabadwira m'madzi momwemo, amawadziwa. Amayi anawayankha kuti madzi saiwala khwawa, ndipo khwawalo ndi pamene anamanga nyumba. Sizinathandize. Tsidya lija kunatsala amuna owerengeka, ouma mitu okhaokha, ndipo tsiku ndi tsiku ankachepa. Foni ya ababa inathima chifukwa wotchajitsa mafoni anali atathawa kale. Ine ndinali ndi mantha amene sindinakhalepo nawo.

Ndiye tsiku lina ndikudutsa pamsika, ndinamva mawu kuchokera pachimkuzamawu cha nyumba ya vidiyo. Nyumbayo inali chisakasa cha mabango chokutidwa ndi pulasitiki wakuda, mmene ankaonetsa mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, aja oti munthu mmodzi amalankhulira anthu onse, amuna, akazi, ngakhale agalu. Sindinalowemopo chibadwire, mphunzitsi wamkulu ine. Koma mawuwo anandiimitsa pakati panjira, tomato ali m'manja: "Aaa, abale anga, maliro angawa mwaphika ndiwo zopanda mchere?" Ndinalowa osagogoda. Pakanema panali nkhalamba itakhala kumbuyo kwa olira, zovala zikudontha. Sindinkadziwa n'komwe kuti buku langa lopanda chikuto lija anthu ena analidziwa mpaka kulipangira filimu.

Ndinathamangira kunyumba kukauza amayi. Anandimvetsera nkhope ili gwaa, kenaka anaomba m'manja kamodzi.

"Nyambo yapezeka," anatero. "Chinthu chopusa chimenechi chigwireko ntchito kamodzi."

Tinapangana chonchi. Titumiza uthenga kudzera kwa wopalasa bwato wina amene ankawolokabe, woti nkhalamba ya mchere ija yabwera pakanema, adzaione ndi maso. Akangofika n'kulowa m'vidiyo, amuna anga akatenga nkhafi yawo padoko n'kukaibisa kudenga kwathu. Wopanda nkhafi sawoloka, ndipo palibe akanawabwereka yake sabata imeneyo. Akalipa, atukwana, koma agona kumtunda. Ndinakapempha mwini vidiyo kuti mawa lake masana adzaionetsenso filimuyo kuyambira pachiyambi, ndipo anavomera.

Ababa anafika dzuwa lisanafike paliwombo. Anavala jekete lawo la kutchalitchi, nsapato atazimangirira m'khosi kuti zisanyowe. Anali osangalala ngati mwana wopita kumsika koyamba. Amuna anga anawalonjera mwaulemu n'kuzemba, kupita kukachita ntchito yawo ija. Ababa anakhala pakhonde, anamwa thobwa, anavala nsapato mosathamanga. Anatiyang'ana ine ndi amayi, ndipo ndinaona kuti m'maso mwawo muli kuseka kwina. Munthu amene wakhala akutchera nsomba moyo wake wonse nyambo amaidziwa.

"Tiyeni tikaone msanga," anatero. "Mbuzi ndamanga."

Amayi anasiya kupeta mpunga.

"Mwati bwanji?"

"Ndamanga zonse. Pansi pa masawu paja, pali mthunzi wabwino."

"Pansi pa masawu? Potsika paja?"

"Ndiye mthunzi uli pomwepo, mai. Ndikanazimanga padzuwa?"

Amayi anawatukwana m'Chisena mawu amene sindingawalembe pano. Anawatchula nkhalamba yopanda chisoni, mfiti yodzilodza yokha. Ababa ankangogwedeza mutu ngati akumva ulaliki wabwino. Amuna anga atabwerako n'kumva nkhaniyo sanaone vuto. Anagwada pambali n'kunena mofatsa kuti, "Bambo, mbuzi ndi mbuzi. Zikapita tidzapeza zina. Inu mugone konkuno."

Ababa anawayang'ana mkamwini wawoyo mwachifundo.

"Mwananga, madzi akatenga mbuzi yomasuka, ndi madzi atenga. Akaipeza pachingwe, ndine ndaimiza ndi manja angawa. Imalira ngati mwana, munaimvapo? Ndingadzadye bwanji pamaso pa anthu?"

Wina woti akapite m'malo mwawo panalibe: amuna anga sadziwa kupalasa, ndipo wopalasa uja anali atakokera kale bwato lake kumtunda, ati mpaka madzi aphwe. Amayi anadzuka, analowa m'nyumba, anakwera pampando, ndipo anatuluka ndi nkhafi ija. Anaitsamiritsa pakhoma pafupi ndi ababa osawayang'ana. Iwo amene anakonza chiwembu chonse ndi amenenso anaitsitsa, chifukwa nawonso ndi mwana wa kudambo. Anangoti, "Mukadaona theka lokha n'kumapita." Ababa anati aona mmene dzuwa liyendere.

M'vidiyo munali motentha ngati mu uvuni wa njerwa. Munadzaza anyamata a kabaza, amayi ogulitsa nsomba, ndi anthu othawa madzi amene analibe kopita masana. Ababa anakhala pabenchi lakutsogolo, jekete lili pathupi, nkhafi ili pakati pa miyendo. Ine ndinakhala pambali pawo ndikuyang'ana dzuwa lolowera m'mipata ya mabango.

Filimu itangoyamba anayamba milandu. Mwana wa mfumu ati wakongola mopitirira, wa m'buku anali ndi mano otuluka. Chimphona anachivomereza, makamaka mmene chinkagwirira msana podzuka, ati ameneyo amaudziwadi msana. Koma nkhalamba yolawa chakudya inawakhumudwitsa poyamba.

"Wowonda chonchi? Ameneyu akulawa chakudya cha mfumu kapena cha kundende?"

Anthu anaseka. Ena anati, "Madala, khalani chete timve." Sanakhale chete. Ankanena zimene zichitike zisanachitike, ankakangana ndi womasulira uja ngati ali naye m'chipinda chomwecho. Telala atathamangira kumbiya, ababa anandigunda ndi chigongono, amvekere, "Waona? Ndinkakuuza ine." Pofika pamaliro oyamba anaimirira, n'kunenera limodzi ndi nkhalamba ya pakanema mawu a mchere aja, ndipo chisakasa chonse chinagwa nako kuseka. Pamaliro achiwiri anthu onse ananenera limodzi nawo. Sindinawaonepo ababa atasangalala chotero. Zinthu zimene kwa zaka zonsezi ankangozimva pakamwa panga, lero zinali ndi nkhope, zikuyenda, zikugwa m'madzi. Inenso ndinaseka, sindikana, koma mtima wanga sunali pamenepo.

Chifukwa kunja zinthu zinkasintha. Mphepo inayamba, yozizira, yonunkha matope, ndipo pulasitiki wa padenga ankawomba mpaka mwini vidiyo anakweza mawu. Kamodzikamodzi munthu ankasuzumira pakhomo n'kuitana mnzake, kunong'onezana, onse awiri n'kuchoka mofulumira. Ndinamva wina akuti madzi afika pamene amayanika nsomba. Patapita kanthawi wina anati afika pamtengo womangirira mabwato. Mabenchi a kumbuyo anayamba kutsala opanda anthu. Mizere ya dzuwa imene inali pamapazi athu inakwera mpaka m'maondo, kenaka inazilala. Ndinawagwira ababa jekete.

"Ababa, ngati mukupita, pitani tsopano. Kapena musapite n'komwe."

"Dikira awoloke mtsinje womaliza."

Mtsinje womaliza ndi umene unali pafupi ndi phanga la chimphona. M'buku, nkhalamba ija imagweramo monga mwa masiku onse, ndipo imadzatulukira pamapeto penipeni, paphwando la ukwati wa telala ndi mwana wa mfumu, itakhala pansi pa tebulo. Pakanema tinaiona ikuterereka pamwala, manja m'mwamba, madzi n'kuitenga, chipewa chokha chikuyandama. Anthu otsalawo anaseka. Ababa anasuzumira pampata wa mabango, anayang'ana kumwamba, ndipo anadzuka n'kutola nkhafi.

"Basi, pyadidi, zili bwino. Ndaona. Ameneyo abwera, asakudetseni nkhawa."

Ndinadzuka kuti ndiwaperekeze koma anandikhazika pansi ndi dzanja.

"Iwe tsala. Uone mpaka kumapeto, udzandiuze ngati paphwando paja amuthirira mchere. Amako ali padoko."

Ndinatsala, chifukwa anandituma. Ndinaona chimphona chikupatsidwa mankhwala a msana, mfumu ikudzuka n'kufunsa ngati tiyi wapsa. Ndinaona ukwati, magule, matebulo odzaza. Ndinkayang'ana pansi pa tebulo lililonse. Nyimbo inayamba, zilembo zinayamba kukwera pakanema, ndipo nkhalamba ija sinatulukire. Opanga filimu anaidula mbali imeneyo, kaya anaona kuti nthabwala yakwana, kaya nthawi inawathera. Anaisiya mumtsinje.

Ndinamulusira mwini vidiyo ngati ndiye wamiza munthu. Ndinamuuza kuti wadumphitsa, abwezere. Anabwezera, tinaonanso ukwati wonse tili awiriwiri, anthu onse atatuluka. Ndinamuuza kuti adikire zilembo zithe, mwina ili kumapeto. Zinatha, kanema n'kuda.

"Amayi, filimuyi sindinapange ndine," anatero mnyamatayo. "Mmene inabwerera ndi momwemu."

Ndinathamanga mpaka kudoko, nsapato zili m'manja. Doko silinaliponso. Pamene tinkatsikira m'mawa panali madzi ofiira othamanga, ndipo anthu anaima pamtunda penipeni, chete. Mtsinje unkalira mawu amene sindinawamvepo, apansipansi, omveka m'mimba osati m'makutu. Amayi anaima patsogolo, manja atawapinda pachifuwa. Anandilozera ndi chibwano. Ababa anali atapalasa chokwera m'mphepete mwa gombe, monga amachitira odziwa, kuti madzi akawatenga akawatule molunjika kwathu, ndipo tsopano anali pakati. Bwato linkaoneka ngati khoko la mtedza. Mitengo yathunthu inkawadutsa kutsogolo ndi kumbuyo. Atayandikira mabango a tsidya lija anakweza nkhafi m'mwamba kamodzi, kutisonyeza kuti afika, kenaka analowa m'mabangomo. Amayi anandifunsa ngati chinthu chopusa chija chatha bwino. Ndinangoti chatha.

Madzi enieni anafika tsiku lomwelo kutada. Kutacha, tsidya lija kunalibe. Kuchokera pamene tinaima mpaka kumene maso amalekezera anali madzi okhaokha, nsonga za migwalangwa zikutuluka apa ndi apo. Tinakhala pamtunda paja tsiku ndi tsiku, kuyang'ana boti lililonse lobwera ndi anthu otoledwa m'mitengo ndi pamadenga. Ankatsika otupa mapazi, olumidwa ndi nyerere, ena osatha kulankhula. Aliyense ndinkamufunsa. Mmodzi anati anawaona madzulo aja akuyenda m'madzi a m'chiuno cha kumasawu, atavala jekete. Ena onse sanawaone.

Madzi ataphwerako, amuna anga, amantha a bwato aja, anakwera boti limodzi ndi asodzi kupita kukaona. Nyumba sanaipeze, ngakhale pamene inali. Mbuzi anazipeza zonse pachulu chachikulu kuseri kwa tchalitchi, zowonda, zikudya makungwa, m'khosi mulibe chingwe. Mtengo wa masawu unali chiimire. Panthambi yam'mwamba anapeza zingwe zonse, zosadulidwa, zomasulidwa bwinobwino mfundo ndi mfundo, zitakulungidwa mmene ababa ankakulungira chingwe akamaliza ntchito. Amuna anga anabwera nazo n'kuzipereka kwa amayi atagwada. Bwato silinapezeke. Asodzi anafufuza m'mabango monse mmene ababa anawaphunzitsa kufufuza, mpaka kumalire, koma amene ankadziwa bwino kopezera munthu womira anali iwo omwewo.

Patapita nthawi akuluakulu a mpingo ndi achibale anati sitingadikire mpaka kalekale, mzimu wa munthu umafuna pogona. Anadula thunthu la nthochi, analikulunga munsalu yoyera, n'kuliika m'bokosi monga timachitira munthu akapita ndi madzi. Maliro anachitikira pakhomo panga, kumtunda. Kunabwera anthu ambiri, a kudambo amene anali m'misasa, asodzi, ngakhale mwini vidiyo uja anabwera n'kukhala patali. Ine ndinakhala m'nyumba ndi amayi pamphasa, nyimbo zikuimbidwa. Ndikunena zoona, sindinkalira bwino. Maliro opanda mtembo ndinali nditawafotokoza kambirimbiri pansi pa masawu, ndipo ndinkadziwa mmene amathera. Khutu langa linali kumbuyo kwa anthu.

Titabwerako kumanda, amayi a mpingo anali kuseri akumaliza kuphika nyemba ndi nsomba zouma m'miphika ikuluikulu. Namfedwa sadzuka pamphasa kupita kumoto, koma amayi anadzuka. Ndinawatsatira poopa kuti angagwe. Anafika pamene mayi wina ankang'amba pepala la mchere kuti athire, ndipo anamugwira dzanja.

"Musathire," anatero.

"Mayi, ndiwo zonsezi?"

"Zonse. Musathire."

Anatenga mcherewo n'kuumangirira pansonga ya chitenje chawo. Amayi a mpingo anayang'anana, koma anaganiza kuti ndi mwambo wina wa anthu a kudambo, ndipo sanafunse. Ife awiri sitinabwerere m'nyumba. Tinakhala pakhonde, poonekera njira yochokera kudoko, mbale zikuyenda m'magulu a anthu. Amayi anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka zala zinachita dzanzi. Tinamvetsera kwa amuna pansi pa mtengo, kwa amayi kuseri, kwa ana kumpanda. Anthu anadya, anasamba m'manja, anayamba kutsanzika mmodzimmodzi mpaka bwalo linayera. Onse aja anadya ndiwo zopanda mchere, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anadandaula.